Atavula Yunifolomu

Usilikali wolandira malipiro pamwezi unabwera m'dziko muno pamodzi ndi boma la atsamunda. Nkhondo zinalipo kale, koma wankhondo wa Gomani kapena wa Makanjira sankalembedwa ntchito. Mfumu ikaitana ankatola chishango kapena gogodela wake n'kupita, ndipo nkhondo ikatha ankabwerera kumunda kwake, ku ng'ombe zake kapena ku malonda ake. Panalibe tsiku lomuchotsa ntchito, choncho panalibenso nkhawa yoti akachoka adya chiyani.

Zinthu zinasintha mu 1891, pomwe Harry Johnston anakhazikitsa boma la Angerezi ku Zomba. Poyamba anadalira asilikali a mtundu wa Asikh ochokera ku India, motsogozedwa ndi Kaputeni Cecil Maguire, pamodzi ndi Amakua ndi anthu a ku Zanzibar. Koma kuitanitsa anthu kutali kunkadya ndalama zambiri, motero anayamba kulemba eni dziko. Oyamba anali Atonga a m'mbali mwa nyanja, kenako Ayao, ena mwa iwo ochokera m'midzi yomwe boma lomwelo linali litangoigonjetsa kumene. Gulu lija linakula, linatchedwa Central Africa Rifles, ndipo mu 1902 linalowa m'gulu lalikulu la King's African Rifles, lomwe makolo athu ankalitcha Keyala. Magulu awiri oyambirira a Keyala, loyamba ndi lachiwiri, anali a anyamata a kuno. Zaka zimenezo zisanathe anali atafika kale ku Mauritius, ku Ashanti m'dziko lomwe lero ndi Ghana, ku Gambia ndi ku Somaliland, komwe ambiri a gulu lachiwiri anathera pa nkhondo ya ku Gumburu mu 1903.

Mnyamata ankalowa Keyala pa chifukwa chomwechi chimene chinkatumiza mnzake ku esiteti ya khofi kapena ku migodi: msonkho wa nyumba unkafuna ndalama, ndipo ndalama kumudzi kunalibe. Ku usilikali kunali malipiro otsimikizika, phoso, bulangete ndi ulemu wa chisoti cha usilikali. Amene watumikira zaka zambiri ankamukhululukira msonkho, ndipo chimenechi chinali chachikulu pa masiku amenewo. Koma luso limene ankatuluka nalo linali la perete, kuombera mfuti ndi kumvera lamulo osafunsa. Ntchito za muofesi, za ukalaliki, uphunzitsi ndi kutanthauzira, zinkapita kwa ana a mishoni a ku Livingstonia ndi ku Blantyre. Akuluakulu a Keyala nawo sankakonda mnyamata wa sukulu, ankati amachuluka mafunso. Njira ziwirizi zinapatukana kuyambira pachiyambi pomwe: wa cholembera kwake, wa mfuti kwake. Wa mfutiyo akatuluka, zitseko zomutsegukira zinali zowerengeka. Ankakhala mesenjala wa bwana DC, wapolisi wa paboma wothamangitsa ozemba msonkho, kapitawo wa pa esiteti woyang'anira anthu a thangata, kapena mlonda wa pa sitolo. Ntchito zonsezi n'zoopseza anthu m'malo mwa mwini chuma, ndipo sizinkamupezetsa abwenzi m'mudzi.

Mu 1911 boma linafuna kuchepetsa ndalama zomwe linkawononga, ndipo linathetsa gulu lachiwiri la Keyala. Amuna ozolowera nkhondo, ena a mabala a ku Somaliland, anauzidwa kuti azipita kwawo. Ambiri sanapite kwawo. Anayenda ulendo wa kumpoto, anawoloka Songwe, n'kukalembetsa usilikali kwa Ajeremani ku Neu Langenburg, komwe lero ndi ku Tukuyu m'dziko la Tanzania. Ajeremani ankalipira bwino ndipo analandira ndi manja awiri anthu ophunzitsidwa kale. Patangopita zaka zitatu, mu Seputembala 1914, gulu la Ajeremani lochokera kumeneko ndi limene linaukira Karonga, ndipo amuna omwe kale ankadyera mbale imodzi ku Zomba anaomberana. Ine sindiwatcha opanduka anthu amenewa. Anali ndi luso limodzi lokha, anawalanda msika wake, iwo n'kukafuna kwina kumene lingagulidwe.

Nkhondo ya Chiwaya, yomwe dziko lonse limaitcha nkhondo yoyamba, inameza anthu kuposa china chilichonse chimene dziko lino linali litaonapo. Amuna pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ndipo ena pafupifupi 200,000 anagwidwa kukhala amtengatenga, osenza ufa, zipolopolo ndi mahema kutsatira asilikali a General Northey m'mapiri a Tanganyika ndi m'tchire la Mozambique. M'busa John Chilembwe anaona kumene zinkapita nkhondo itangoyamba. Chakumapeto kwa 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti amphawi ndiwo akukafera nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana opanda wowasamala, monga zinachitikira pa nkhondo za ku Ashanti ndi ku Somaliland. Boma linatsekereza kalatayo. Funso lake linali loti munthu wakuda akakhetsa mwazi adzapeza chiyani nkhondo ikatha, ndipo yankho linaoneka pambuyo pa Novembala 1918, mkulu wa asilikali a Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, atatula zida ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala.

Obwerera anafika pamodzi ndi mliri wa fuluwenza, womwe unapha anthu ochuluka m'midzi yomwe minda yake inali itagonera kale chifukwa chosowa amuna. Keyala inachepetsedwa msanga. Apolisi atakonzedwa mwatsopano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920, ambiri mwa olembedwa anali asilikali akale, koma malo anali ochepa poyerekeza ndi khamu lomwe linatuluka. Amtengatenga ndiye analibe ngakhale dzina la usilikali loti n'kufunsira ulonda. Anabwerera ndi misana yothyoka ndi matenda a m'mimba. Njira yomwe inatsala inali ya kummwera. Anthu anatsika kupita ku Halale, ku migodi ya Wankie ndi Shamva, ena mpaka ku Joni, ndipo komiti ya boma yomwe inafufuza za ulendowu mu 1935 inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 a dziko lino anali kunja. Pakati pa matchona amenewa panali asilikali akale ambiri. Kumudzi anasiyako perete wa chisangalalo: malipenga, mganda ndi beni, magule omwe mpaka lero amavala zoyera zositidwa bwino n'kumaguba motsatira ng'oma. Ku Zomba boma linamanga chipilala chachitali chokumbukira akufa. Amoyo anadzionera okha.

Nkhondo yachiwiri inali ya mtundu wina, ndipo pamenepa mpofunika kuima pang'ono. Amuna a kuno oposa 25,000 anavala yunifolomu. Mu 1940 anamenyana ndi Ataliyana ku Moyale, m'malire a Kenya ndi Ethiopia, n'chifukwa chake kampu ya asilikali ya ku Mzuzu ili ndi dzina limenelo. Anamenyanso ku Tug Argan m'dziko la Somaliland, analowa mu Ethiopia, anawoloka nyanja kupita ku Madagascar mu 1942, anakhala ku Ceylon, ndipo mu 1944 anali m'chigwa cha Kabaw ku Burma, akukankha Ajapani m'matope a mvula yosaleka mpaka kumtsinje wa Chindwin. Nkhondo imeneyi inkayenda pa mateyala ndi pa waya. Sinkafuna owombera okha. Inafuna madalaivala, amakaniko, otumiza mauthenga pa wayilesi, othandiza madokotala, ophika, osoka, akalipentala ndi makalaliki a m'nyumba zosungira katundu. Kwa nthawi yoyamba gulu la nkhondo linakhala sukulu. Mnyamata yemwe anachoka ku Ntcheu asanakwerepo galimoto anabwerera akudziwa kumasula injini ya lole, kulemba kalata ndi kuwerenga mapu. Anali ataonanso mzungu akulira ndi mantha, ndiponso amwenye akukambirana za ufulu wa dziko lawo.

Ambiri mwa amuna amenewa ankanena mpaka ukalamba wawo kuti akuluakulu a nkhondo anawalonjeza ntchito, malo ndi moyo wabwino akadzapambana. Akuluakulu amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo, ndipo malonjezo aja anatsala pachala. Chomwe analandira chinali ndalama ya chithokozo, yowerengedwa malinga ndi miyezi imene munthu watumikira. Chikalata cha boma la Britain cha 1945, chomwe atolankhani anachiulutsa mu 2019, chikusonyeza mmene ankawerengera: msilikali wamba wachizungu ankalandira mashereni 10 pa mwezi uliwonse, pomwe wakuda wa udindo womwewo ankalandira mashereni atatu ndi theka. Chipolopolo cha ku Burma sichinkasankha khungu, koma cholembera cha ku ofesi chinasankha.

Ndalama yochepayo anthu anayesa kuigwiritsa bwino ntchito. Ena anamanga nyumba ya njerwa, ena anagula njinga, ena ng'ombe za malowolo. Ambiri anafuna kudziimira paokha: kutsegula kantini ya tiyi m'mbali mwa msewu, kugula makina osokera n'kukhala pakhonde la sitolo, kuyenda ndi nsalu ndi sopo m'midzi, kapena kusonkherana angapo n'kugula lole yakale ya nkhondo. Apa ndi pomwe anakumana ndi khoma. Malonda a dziko lino anali ndi eni ake kale. Katundu wambiri ankalowa kudzera kwa Mandala ndi Kandodo, masitolo a m'matauni ndi a pamphambano anali a amwenye omwe ankapatsana katundu pangongole, ndipo munthu wakuda wopanda chikole sankaloledwa ngakhale kuyandikira banki. Nsalu zinali zosowa nkhondo itangotha, ndipo zochepa zomwe zinkabwera zinkayamba zafika kwa amalonda akale. Pa zamtengatenga, boma linapereka misewu ikuluikulu ya mabasi kwa kampani imodzi ya Nyasaland Transport Company, motero dalaivala wa ku Burma anatsala ndi tinjira ta m'midzi tothyola masipuling'i. Madalaivala omwe nkhondo inaphunzitsa anali ochuluka kuposa magalimoto onse ofuna dalaivala m'dziko muno. Ndipo chikalata cha luso chochokera ku Keyala olemba ntchito ambiri sankachiwerengera; ankati makaniko wa ku nkhondo amangodziwa kuchotsa chitsulo chakale n'kuikapo chatsopano, sadziwa kukonza. Mwina zinali zoona kwa ena. Koma boma lomwe linatha kusandutsa mlimi kukhala makaniko pa miyezi yochepa silikanalephera kumuwonjezera miyezi ina kuti luso lake likwanire pa galaja ya ku Limbe.

Kenako kunagwa njala ya 1949. M'chigawo cha kummwera mvula inakana, chimanga chinakwera mtengo, ndipo kantini, njinga ndi makina osokera zinagulitsidwa kuti ana adye. Ndalama za nkhondo zinathera pamenepo kwa mabanja ambiri.

Kupeza ntchito linali vuto limodzi, kukhalitsa pa ntchitoyo linali lina. Munthu amene anali sajeni, wolamula amuna makumi atatu pakati pa moto, ankapezeka akutumidwa fodya ndi kamnyamata ka muofesi, kapena akutukwanidwa ndi mwini esiteti amene nkhondo anangoimvera pa wayilesi. Ena anapirira, ena anaponya makiyi pansi n'kuchoka, ndipo mbiri inafala yoti asilikali akale ndi amwano. Ku Keyala munthu sankaganiza za lendi, za chakudya kapena za chipatala. Lipenga linkamudzutsa, lipenga linkamugoneka. Kunja kuno malipiro a pamwezi ankayenera kukwanira zonse, kuphatikizapo abale omwe ankakhulupirira kuti wobwera ku nkhondo wabwera ndi chuma. Panalinso mabala osaoneka. Mwamuna ankadzuka usiku akukuwa, ankanjenjemera chitseko chikamenyetseka, ankamwa kachasu kuti apeze tulo, ndipo m'mawa ankachedwa ku ntchito. Anthu ankangoti nkhondo inamulowa m'mutu. Panalibe amene ankaona kuti ameneyu ndi wodwala wofunika thandizo, ndipo bwana ankangomulembera kalata yomuchotsa. Kwa opunduka ndi okalamba opanda kolowera, ku Zomba kunamangidwa nyumba za asilikali akale pafupi ndi Cobbe Barracks, koma zinkalandira anthu ochepa chabe.

Si onse amene zinawavuta, ndipo kunena choncho kungakhale kuwalakwira. Alipo amene anakhala madalaivala odalirika a boma ndi a makampani mpaka kupuma. Alipo amene analowa ku njanji, ku PWD, ku polisi ndi ku ndende. Ena anakhala mafumu ndi akuluakulu a mpingo olemekezeka, ena anabweretsa banjo ndi gitala zomwe zinasintha nyimbo za dziko lino. Enanso, ataona kuti kunja kulibe chawo, anabwerera ku Keyala n'kupita ku Malaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 kukasaka zigawenga m'nkhalango. Ndi zomvetsa chisoni kuti kwa ambiri ntchito yodalirika kuposa zonse pambuyo pa nkhondo inali nkhondo ina.

Ufulu utabwera mu 1964, gulu loyamba la Keyala linasanduka Malawi Rifles, ndipo mu 1972 Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulamulira asilikali onse. Gulu linali laling'ono, opuma chaka chilichonse anali ochepa, ndipo penshoni, ngakhale yochepa, inkabwera. Wopuma ankabwerera kumudzi kukalima kapena ankapeza malo m'makampani a boma omwe ankakula pa nthawiyo. Akale a Keyala ya atsamunda ndiwo anagwera pakati: Britain inati udindo wapita kwa boma latsopano, pomwe boma latsopano linali ndi zake zoti lichite. Ankaoneka kamodzi pachaka, Lamulungu lachiwiri la Novembala, atavala mamendulo pa jekete yothetheka.

Mtima wa Dr Banda unali kwambiri pa gulu lina la yunifolomu, la Apayoniya, lomwe linayamba mu 1963. Pa nkhani ya luso lokhalira moyo, Apayoniya anali ndi chomwe Keyala inalibe: m'makampu mwawo ankaphunzitsa ulimi, ukalipentala ndi zomangamanga, ndipo ena ankapatsidwa malo m'masikimu a mpunga ndi thonje. Koma gululo linasanduka nkhonya ya chipani, loopedwa pamsika ndi pa siteji ya basi. Mu Disembala 1993, asilikali awiri ataphedwa ndi Apayoniya ku Mzuzu, gulu la nkhondo linaukira makampu ndi maofesi a Apayoniya pa zomwe zinatchedwa Operation Bwezani. M'masiku ochepa anthu zikwizikwi anapezeka alibe ntchito, alibe nyumba, alibe kalata yowachitira umboni. Ena anathawira ku Mozambique. Otsala anaphunzira kubisa kumene anagwirako ntchito, chifukwa kungotchula dzina la gululo kunkatseka chitseko. Anthu ambiri anali ndi zifukwa zomveka zowakwiyira, ndipo mabala omwe gululo linasiya sanapole mpaka lero. Komabe pakati pawo panali alimi, ophika ndi aphunzitsi a luso omwe sanamenyepo munthu. Patapita zaka zoposa makumi awiri, ena mwa iwo, imvi zili mbuu, ankagonabe panja pa chipilala cha ku Area 18 mu Lilongwe kudikira ndalama zawo zopumira.

Zaka za matipate zinafika ndi mavuto awo. Makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, anthu anachotsedwa ntchito m'magulumagulu, kwacha inagwa mphamvu, ndipo penshoni yomwe inkagula matumba a feteleza inayamba kuthera pa thumba limodzi. Nthawi yomweyo umbava wa mfuti unakula, mipanda ya njerwa inakwera kumayadi, ndipo makampani a zachitetezo anachuluka. Asilikali omwe anateteza njanji ya ku Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique, ndi ena omwe anakasungitsa mtendere ku Rwanda mu 1994, anapeza kuti ntchito yomwe ikuwadikira ndi yomwe ija inkadikira agogo awo: kuima pageti. Amene anali ndi maudindo akuluakulu anatsegula makampani awoawo kapena anakhala oyang'anira chitetezo m'mabanki ndi m'mabungwe. Wamba anapatsidwa tochi, wezulo ndi chibonga, kugwira usiku wonse pa malipiro otsikitsitsa omwe lamulo limalola. Ulonda ndi ntchito yolemekezeka, ndipo tonse timagona chifukwa cha alonda. Chondipweteka n'chakuti munthu amene boma linamuphunzitsa kwa zaka makumi awiri, wodziwa kuyendetsa anthu, kusunga katundu wa mamiliyoni ndi kupulumutsa ovulala, timamuona ngati wodziwa chinthu chimodzi basi.

Akale a Keyala anakumbukiridwa mochedwa. Mu 2018 boma la Britain linalengeza thandizo lodzera ku bungwe la Royal Commonwealth Ex-Services League loti asilikali akale a m'maiko omwe linkalamulira, pamodzi ndi akazi awo amasiye, azidya kawiri patsiku. Ambiri mwa oyenera kulandira anali atamwalira kale. Kuno kwathu bungwe la VELOM ndi limene limayankhulira asilikali opuma ndi kugulitsa maluwa ofiira a chikumbutso chaka ndi chaka.

Msilikali wa lero ndi wosiyana ndi wa 1902. Amalowa ndi satifiketi ya MSCE, amaphunzira ku MAFCO ku Salima, ndipo pakati pawo pali akazi. Alipo mainjiniya omanga milatho, anamwino, oyendetsa ndege ndi maboti, akatswiri a makompyuta. Tinawaona akufukula anthu m'matope a namondwe wa Freddy mu 2023. Koma amatuluka akadali ndi mphamvu, ana akadali pasukulu, n'kulowa pamsika pomwe achinyamata a madigiri akuyenda ndi maenvulopu osapeza kanthu. Wolemba ntchito amafunsa pepala la TEVETA kapena la yunivesite, ndipo maphunziro ambiri a ku usilikali ali ndi maina omwe iye sawamva. Amaopanso, ngakhale sanena, kuti munthu wozolowera kulamula sadzalamulika. Amene anapita ku Ivory Coast kapena ku Congo amabwera ndi kandalama kooneka. Ena amamanga nyumba zalendi, ena amagula minibasi kapena njinga zamoto za kabaza, ndipo popanda wowaphunzitsa kasungidwe ka mabuku a bizinesi, ambiri amaona ndalama ija ikusungunuka monga inasungunukira ya agogo a ku Burma. Zomwe anaona ku Beni m'dziko la Congo, komwe anzawo asanu ndi mmodzi anaphedwa mu Novembala 2018, amabwera nazonso, ndipo madokotala a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka pa zala.

Zofunika kuchita sizachilendo ndipo sizodula kuposa kugula zida. Chaka chomaliza cha msilikali chikhoza kukhala chomukonzekeretsa kutuluka: kumuyesa luso lomwe ali nalo kale n'kumupatsa satifiketi yodziwika kunja, kumuphunzitsa za ndalama asanazilandire, kumuonetsa kwa mlangizi wa za maganizo popanda kumuchititsa manyazi, ndi kuonetsetsa kuti penshoni yayamba mwezi womwe malipiro aima, asanagwe m'manja mwa a katapila. Anyamata ndi atsikana omwe anabwerako ku Goma m'dziko la Congo mu 2025 ambiri akadali pa ntchito m'makampu a Kamuzu, Cobbe ndi Moyale. M'zaka khumi kapena khumi ndi zisanu zikubwerazi, iwowa ndi amene adzakhale akulemba makalata ofunsira ntchito.